PHUNZIRO LA ZOLENGEDWA: KANGAUDE WA M'NGODYA

M'nyumba za antchito ku Satemwa, ku Naming'omba ndi ku Conforzi, mayi akapita ndi tsache m'ngodya amapeza ukonde wosokonekera wonga thonje lomwazika. Mwini wake sali kangaude uja woluka ukonde wozungulira bwino pakati pa mitengo ya tiyi ayi. Ameneyu ali wa fuko lina, limene anthu ophunzira alitcha Theridiidae, ndipo mitundu yake iposa 2,500 pa dziko lonse lapansi.

Msampha wake

Ukonde umene uoneka ngati ntchito ya waulesi uli msampha wanzeru ndithu. Kuchokera pamwamba, kangaude atsitsa ulusi wokokeka zolimba naumata pansi, ndipo kunsonga kwake aikako timadontho ta ulimbo. Nyerere kapena mphemvu ikagunda ulusiwo, uthothoka pansi nufwamphuka, monga uchitira msampha wa ndodo yopinda. Kanyamako kangoti lende m'malere. Pa miyendo yake iwiri yam'mbuyo kangaude ali ndi timinga tondandalikana ngati chipeso. Ndi chipesocho aponya ulusi wonyowa pa nyama yake kufikira itamangika, pamenepo ndipo ailuma. Popeza alibe mano otafunira, athira madzi osungunula m'thupi mwa nyamayo, nayamwa msuzi wake. Motero akangaude a fuko limeneli atha udzudzu, ntchentche ndi mphemvu zambiri popanda malipiro, ndipo ochuluka a iwo sangathe kupweteka munthu konse.

Mmodzi woyenera kuchenjera naye

Koma alipo mmodzi amene banja lililonse liyenera kumdziwa. Dzina lake ndiye Latrodectus geometricus, limene anampatsa C. L. Koch m'chaka cha 1841. Wamkazi ali ndi mimba yobulungira ngati njere ya nandolo, yotuwa kapena yoderako, ndi miyendo yamikwingwirima. Kunsi kwa mimbayo kuli chizindikiro chofiirira chonga mtondo, choning'a pakati. Chioneka msanga pakuti kangaudeyu alenjekeka chagada. Wamwamuna ali wamng'ono kwambiri, wosaopsa.

Chizindikiro choposa zonse ndicho thumba la mazira. Lili loyererako, lokhala ndi timinga mbali zonse ngati chipatso cha nsatsi, ndipo kawirikawiri lisunga mazira oposa 100. Pamene pali thumba lotere, make ali pafupi.

Akonda malo ouma, amdima, osagwedezeka: pansi pa mipando ndi mabenchi, m'chimbudzi, m'mphepete mwa mazenera, m'dengu lothyolera tiyi limene lakhalitsa pakhoma, ndi m'jombo zimene zagona chilimwe chonse kudikira mvula ya December.

Akaluma munthu

Kangaudeyu ali wamantha. Akagwedezeka, apinda miyendo nadzigwetsa pansi ngati wakufa. Aluma pokhapokha atapanikizidwa pakhungu. Ululu wake ugwira mitsempha. Anthu ambiri amva kuwawa koyaka pabala pokha, koma ena atuluka thukuta, minofu ikokana, ndi m'mimba mupota. Wolumidwa asambitse balalo ndi sopo, aikepo nsalu yozizira. Kutema mphini, kuyamwa bala kapena kumanga chingwe sikuchotsa ululu, kungowonjezera chilonda. Mwana wamng'ono, nkhalamba, mayi woyembekezera, ndi aliyense amene kuwawa kwamfalikira m'thupi, atengedwe msanga kunka ku chipatala cha boma ku Thyolo, ku Malamulo, kapena ku chipatala cha esiteti chimene chili pafupi.

Zoyenera kukumbukira

1. Jombo ndi malaya zikutumulidwe zisanavalidwe.
2. Dzanja lisapisidwe pamene diso silinaone.
3. Thumba laminga lichotsedwe ndi kamtengo, liphwanyidwe.
4. Ana aphunzitsidwe chizindikiro cha mtondo, kuti aleke kuopa akangaude onse, koma amdziwe ameneyu.