Grinder yotchipa kapena ya dzina: zoyenera kudziwa musanatulutse ndalama

Fodya akalowa pamsika, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, mashopu a zipangizo zomangira pa Mponela amadzaza ndi anthu ochokera m'midzi ya Dowa ndi kumapiri a Ntchisi. Ambiri amafuna malata ndi simenti, koma masiku ano alipo enanso amene akufunsa za grinder. Wina akumanga nyumba ndipo akufuna kumadzidulira yekha zitsulo, wina watopa kunyamula makasu ndi nkhwangwa kupita nazo kwa owotcherera a m'mbali mwa msewu wa M1, winanso ali ndi ngolo yomwe imafuna kukonzedwa chaka chilichonse. Akafika pashopu amapeza makina awiri ofanana maonekedwe, koma mtengo wa imodzi ndi kangapo kuposa inzake. Wogulitsa amangoti, "Zonse ndi zabwino, bwana, zitengera thumba lanu."

Thumba lili ndi mbali yake, koma funso loyamba ndi la ntchito. Ngati grinder yanu izilira mphindi khumi Loweruka, kunola khasu, kudula bawuti yochita dzimbiri kapena kusalaza pamene mwawotcherera geti, yotchipa ya kampani yodziwika ngati Ingco kapena Total ikukwanirani. Awa ndi makina a ku China ogulitsidwa ndi dzina lawolawo, ndipo amagwira ntchito yolingana ndi mtengo wake. Koma ngati mukufuna kuti grinder izikudyetsani, kupanga mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko kuyambira m'mawa mpaka madzulo, limbani mtima mugule Makita, Bosch kapena DeWalt yeniyeni. Munthu wa ntchito yotere akagula yotchipa amagula kawiri kapena katatu, kuwonjezera pa masiku amene makasitomala abwerera chifukwa makina apsa.

Kusiyana kwake kuli m'kati, kumene maso safika. Mu grinder muli mota yokulungidwa ndi mawaya, magiya awiri kumutu amene amakhotetsa mphamvu kuti ifike pa disiki, mabelingi, ndi makaboni awiri amene amakhudza armature. Ya dzina imakhala ndi waya wa kopa wokutidwa bwino kuti fumbi la chitsulo lisaudye, magiya ake ndi olimba ndipo amalumana mosagwedera. Zina zotchipitsitsa zimakulungidwa ndi waya wa aluminiyamu, umene sumachedwa kutentha. Pa mphindi zisanu zoyambirira makina awiriwa amadula mofanana, n'chifukwa chake kuyesa kwa pashopu kumanyenga. Pakatha theka la ola mukudula chitsulo chokhuthala, yotchipa imayamba kutentha m'manja, kununkha ngati pulasitiki yopsa, liwu lake n'kumatsika mukangoikanikiza pang'ono.

Chimene ndingakuletseni ndi mtima wonse ndi gulu lachitatu, lomwe ndi lochuluka kwambiri m'misika yathu: grinder yolembedwa dzina lalikulu koma ili yonamizira. Mtundu wa pulasitiki ndi womwewo wobiriwira mosakanikirana ndi buluu wa Makita, zilembo ndi zomwezo, koma m'kati ndi zoipa kuposa yotchipa yoona mtima, ndipo mumailipira ndalama zambiri chifukwa cha dzinalo. Poizindikira, yambani ndi mtengo. Ngati "Makita" yatsopano ikugulitsidwa mofanana ndi Ingco, ibwezeni pashelefu. Yang'anani kachikwangwani ka pathupi pake, pamene palembedwa nambala ya modelo, mawati ndi liwiro. Pa yeniyeni zilembo zimakhala zooneka bwino ndipo pali nambala yakeyake ya makinawo. Grinder yaing'ono ya 115mm yolembedwa 2000W ikunama, chifukwa zambiri za msinkhu umenewu zimakhala pakati pa 600W ndi 900W. Mwachitsanzo, Makita 9557 yodziwika ija ndi ya 840W. Koma mawu akuti "Made in China" asakusokonezeni. Makita, yomwe inayamba ku Japan mu 1915, ili ndi mafakitale ku China, ndipo Bosch ya ku Germany nayonso ili nawo komweko. Chofunika ndi kugula pashopu yokhazikika imene ikupatsani lisiti lolembedwa modelo ndi nambala ya makina, n'kukuuzani miyezi imene mungabweze zikavuta. Ngati pa Mponela simukupeza yotere, Lilongwe sikutali. Ndalama ya basi ndi yochepa poyerekeza ndi imene mungataye.

Musanalipire, funsaninso kuti, "Makaboni a iyiyi muli nawo?" Funso limeneli ambiri saliganizira, koma ndi limene limasonyeza kuti grinder ikhala nanu zaka kapena miyezi. Makaboni amatha pa makina alionse, odula ndi otchipa omwe. Ngati akupezeka pashopu pomwepo, gulirenitu peyala imodzi musunge. Kenako pitani kwa amisiri okonza mamota ndi zipangizo zamagetsi pa tauni pompo, muwafunse kuti ndi mtundu uti umene armature, switchi ndi magiya ake amazipeza mosavuta. Iwowo amatsegula makinawa tsiku ndi tsiku, ndipo alibe chimene akukugulitsani. Grinder ya dzina yogwiritsidwapo kale ntchito, monga zimene abale amabwera nazo kuchokera ku Joni, ikhoza kukhala yabwino kuposa yatsopano yotchipa, bola muiyatse kaye. Mvetserani ngati kumutu kukugogoda, gwedezani mtondo womangapo disiki muone ngati ukusewera, ndipo suzumirani m'timabowo ta kumbuyo. Tinthethe ting'onoting'ono pa makaboni n'tachibadwa, koma moto wozungulira armature yonse ukutanthauza kuti yatsala pang'ono kupsa. Pulagi ya ku South Africa ndi ya mano ozungulira, choncho muisinthe muike ya kuno ya mano atatu ophwathalala. Musamalowetse mawaya osavala m'soketi.

Za kukula, pakhomo 115mm ndi yokwana. Ndi yopepuka, madisiki ake ali paliponse, ndipo jenereta yaing'ono imaikwanitsa. Ya 230mm ndi ya 2000W kapena kuposerapo, ndi yolemera, ndipo disiki ikakanirira m'chitsulo imakankha mwamphamvu moti munthu wosazolowera imamuphonyoka m'manja. Isiyireni amisiri odula njanji ndi konkire.

Tsopano pa madisiki, pamene ndikufuna muchedwepo. Grinder yaing'ono imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi. Disiki ikasweka pa liwiro limeneli, zidutswa zake zimalowa m'thupi, ndipo zilibe kanthu kuti makinawo ndi a Bosch kapena opanda dzina. Choncho ngati ndalama ndi zochepa, chepetsani pa grinder, osati pa disiki. Pa disiki iliyonse yabwino palembedwa liwiro limene siyenera kupitirira. Ya 115mm nthawi zambiri imalembedwa 13,300, pamene ya 230mm imalembedwa pafupifupi 6,600. Apa ndiye pali ngozi ya chizolowezi chimene chafala pakati pathu, chochotsa chotchingira kuti disiki yaikulu ikwane pa grinder yaing'ono, kapena kutola zotsala za disiki ya 230mm n'kuzimanga pa ya 115mm. Disikiyo ikuzungulitsidwa pa liwiro limene sinapangidwire, ndipo chitsulo chomwe chikanakutetezani kumaso chili pansi. Pa kachitsulo kozungulira ka pakati pa disiki pamadindidwanso mwezi ndi chaka chothera ntchito, chifukwa guluu womanga mchenga wake amafooka pakapita zaka zitatu, makamaka akamakhala pachinyontho. Madisiki amene agona m'shedi yodontha dzinja lonse, kapena amene agwa pansi n'kuthetheka m'mphepete, atayeni osawamvera chisoni.

Disiki iliyonse ili ndi ntchito yake. Yopyapyala ya 1mm mpaka 3mm ndi yodulira basi, m'mphepete mwake mokha. Mukaigoneka cham'mbali kuti musalazire chitsulo imasweka. Yosalazira ndi yokhuthala, pafupifupi 6mm. Matailosi, njerwa ndi konkire zimafuna disiki ya dayamondi, ndipo fumbi lake limawononga mapapo pang'onopang'ono, ndiye valani chotchinga mphuno ndi pakamwa. Sowo ya mano yochekera matabwa musaimange pa grinder ngakhale bowo lake likukwana. Mano akakola mfundo ya thabwa makina amadumphira kwa inu, ndipo zala zimapita.

Ponola khasu, chikwanje kapena nkhwangwa, chimangeni kaye pa vayisi kapena pa thabwa lolemera, osachiponda ndi phazi lovala patapata. Dutsitsani disiki mopepuka, muime, muviike chitsulo mukunolacho m'madzi, mubwerezenso. Mukaona kukamwa kwa khasu kwasanduka kwa buluu, dziwani kuti mwalitenthetsa ndipo lafewa, silichedwa kubuntha m'munda. Malata nawonso sagwirizana ndi grinder: kutentha kumapsereza chokutira chake, tinthethe timakamatira pamwamba, mvula yoyamba ikagwa dzimbiri layamba. Sizasi ya malata imachedwa koma denga limakhalitsa.

Kuno kwathu palinso nkhani ya magetsi. Makinawa ndi a 230V monga magetsi a ESCOM, koma magetsi akazima grinder ili m'manja, chinthu choyamba ndi kuzimitsa switchi ndi kuzula pulagi. Switchi za grinder zambiri zimakhala zokhoma, ndipo mukaisiya pansi ili choncho, magetsi akabwera imadzuka yokha n'kuyamba kuthamanga pabwalo pamene ana akusewera. Zina zodula zili ndi chitetezo choti zisadziyatse zokha, ndipo ngati mukusankha pakati pa ziwiri za dzina, imeneyo ndi mfundo yoyenera kuilipira. Madzulo pamene mababu akuwala mofooka, musadule zolemera, pakuti mota imavutika n'kutentha. Chimodzimodzi waya wautali woonda wokokedwa kuchokera m'nyumba kukafika kuseri kwa khola. Pezani wa 1.5mm kapena wokulirapo, ndipo muutambasule wonse m'malo mousiya wokulungakulunga.

Onaninso kumene moto ukulowera. Tinthethe ta grinder timauluka mamita angapo, ndipo m'makomo mwathu muli zigafa za fodya wouma, madenga a udzu, nkhokwe ndi zigubu za petulo wa njinga yamoto. M'miyezi ya September ndi October, udzu utauma gwa, kanthethe kamodzi n'kokwana. Dulirani pabwalo losesa, ndowa ya madzi ili pafupi. Mgolo umene munali petulo, dizilo kapena mankhwala musaudule ndi grinder ngakhale ukuoneka wopanda kanthu, chifukwa mpweya wotsalira m'katimo umaphulika.

Yotchipa ikhoza kukhala nanu zaka ngati muisamala. Musaikanikize, ilekeni disiki idye yokha. Mukadula kwa mphindi zingapo, ichotseni pa chitsulo muisiye izungulire yopanda katundu kwa mphindi imodzi kuti fani ya m'kati iziziritse mota, kenako ipume. Mukamaliza ntchito, zulani pulagi, pukutani timabowo topumira ndi kaburashi, ndipo kamodzi pachaka mmisiri atsegule kumutu aikemo girizi watsopano. Makaboni asintheni onse awiri nthawi imodzi, asanathe mpaka kukanda armature.

Powerengera ndalama kunyumba musanakwere basi, musawerengere makina okha. Ikanipo magalasi oteteza maso, magolovesi a chikopa, zotseka m'makutu, madisiki odulira angapo, yosalazira imodzi ndi makaboni osungira. Ngati ndalama ya Makita ikuthera pa makina okha, gulani Ingco kapena Total pamodzi ndi zonsezi. Ndipo musanatuluke m'shopu, tsegulani bokosi muone kuti chotchingira, chogwirira cha m'mbali ndi sipanala yomangira disiki zilimo.