Tsiku limene foni inati mayi ena abweze K200 miliyoni

Anzanga amene mwaima pabolodi pano, musathawe poona kuti nkhaniyi ndi ya kompyuta. Inenso kwathu kulibe kompyuta, ngakhale magetsi kulibe. Ndili ndi kafoni kakale ka achimwene, kong'aluka galasi pakona, kamene anandisiyira atagula ina ku Lilongwe. Asanapite anandiikiramo Pydroid 3, pulogalamu yolembera Python pafoni. Ukaitsitsa kamodzi, basi, imagwira ntchito popanda bandulo. Ine ndimangolipira zotchajitsa pa sola kumsika. Zimene ndilembe apa ndinaziphunzira ndi manyazi, ndiye ndati bola ndikuuzeni.

Amayi anga ndi mlembi wa banki m'khonde ya m'mudzi mwathu. Lachinayi lililonse amakhala pamkeka ndi kope lawo, kuwonkhetsa masheya ndi ngongole mpaka mutu kuwawa. Ine ndi matama anga ndinati, "Amayi, musamavutike, ndikupangirani makina." Ndinalemba mizere itatu iyi:

ngongole = input("Ngongole: ")
chiwongola = input("Chiwongoladzanja: ")
print(ngongole + chiwongola)

Kwa amene sanaonepo Python: input amafunsa munthu kuti alembe kanthu, print amaonetsa yankho pagalasi. Mawu oti ngongole ndi chiwongola ndi mayina amene ndinasankha ndekha. Ali ngati zitini zosungiramo zinthu, ndipo Python sakana mayina a Chichewa.

Tinayesa ndi mayi ena amene anabwereka K20,000, chiwongoladzanja K4,000. Ngakhale mwana wa Sitandade 4 akuuzani kuti abweze K24,000. Foni inati 200004000. Mamiliyoni 200! Amayi anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ndiye agulitse mudzi wonsewu ndi nyakwawa yomwe?"

Ndinkaganiza kuti foni yafa. Ayi ndithu. Yang'anitsitsani yankholo: ndi 20000 ndi 4000 zitangogundana. Chilichonse chimene munthu walemba kudzera mu input, Python amachitenga ngati mawu, ngakhale chikuoneka ngati nambala. Ndipo chizindikiro cha + chikakhala pakati pa mawu chimangowalumikiza, monga "nsi" + "ma" zimapanga "nsima". Mankhwala ake ndi kumuuza kuti asandutse mawuwo kukhala nambala:

ngongole = int(input("Ngongole: "))

Ndinachita chimodzimodzi mzere wachiwiri, yankho n'kubwera 24000. Achimwene atamva nkhaniyi anati vuto lomweli limagwiranso anthu opanga mawebusaiti ndi JavaScript, chifukwa zimene munthu walemba m'kabokosi ka patsamba nazonso zimabwera ngati mawu. Kumeneko amagwiritsa ntchito Number m'malo mwa int.

Mawa lake amayi anayesa okha. Analemba 20,000 monga amalembera m'kope, ndi mpatuliro pakati. Pagalasi panadzaza Chingerezi. Poyamba ndikaona zoterezi ndinkangotseka foni, mtima uli phaphapha. Pano ndinaphunzira kuti uthenga umenewu umawerengedwa kuyambira pansi. Mzere womaliza ndi umene umanena vuto, ndipo pamwamba pake pamakhala nambala ya mzere umene pulogalamu yakodwa. Tsiku limenelo mzere womaliza unayamba ndi ValueError, kumapeto kwake kuli '20,000'. Apa Python akuti: wandituma kuti ndisandutse ichi kukhala nambala, koma muli chizindikiro chimene si nambala. Ndikanatha kuwauza amayi kuti asiye kuika mpatuliro, koma munthu amene wakhala akulemba choncho zaka zonsezi sungamusinthe dzanja. Ndinangowonjezera .replace(",", "") kuti pulogalamu izichotsa yokha mpatulirowo isanawerengere.

Palinso lina lotchedwa NameError limene limavuta kwambiri ife olemba pafoni. Kiyibodi ya foni imakonda kuyamba mzere ndi chilembo chachikulu. Iwe wapanga ngongole, foni yakulembera Ngongole, ndipo kwa Python amenewa ndi mayina awiri osiyana. Ndinatayapo ola lathunthu, batire mpaka kutha, chifukwa cha N mmodzi. Zimitsani zimenezo m'masetingi a kiyibodi musanayambe.

Zolakwika zonsezi ine ndimazitcha zofuula. Zimaimitsa pulogalamu, kapena zimapereka yankho loti aliyense aseke. Zoopsa zenizeni ndi zachete, ndipo chimene chinandigwetsa ndi ichi.

Nditaona kuti zayamba kuyenda, ndinalemba pulogalamu yowonkhetsa masheya a gulu lonse. Apa ndaifupikitsa kukhala ya anthu atatu:

masheya = [2000, 5000, 3000]
zonse = 0
for i in range(1, len(masheya)):
    zonse = zonse + masheya[i]
print(zonse)

Mawu oti for amatanthauza kuti bwereza, kutenga munthu mmodzimmodzi n'kumawonjezera ndalama zake pa zonse. Palibe uthenga wofiira umene unatuluka. Yankho linabwera bwinobwino, looneka lanzeru, ine osaliyesa n'komwe. Lachinayi amayi anawerengera gulu chiwerengero cha pafoni, asungichuma n'kutsegula bokosi. M'bokosi munali ndalama zoposa zimene amayi ananena ndi K2,000. Pamkeka panangoti zii. Kenaka mayi ena anati, "Kodi alembi, mwayamba kulemba zochepa kuti zotsalazo zizilowera kuti?" Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndinamva. Amayi sanayankhe. Anatenga kope ndi pensulo, n'kuwonkhetsa mokweza dzina ndi dzina pamaso pa onse, mpaka zinagwirizana ndi za m'bokosi. Nkhani inathera pomwepo, koma madzulo ake sanandiyankhule kufikira nthawi ya nsima.

Cholakwika chinali 1 uja mu range. Ife timawerenga anthu kuyambira 1, koma Python amayambira 0. Woyamba pamndandanda ndi masheya[0], wachiwiri ndi masheya[1]. Pouza pulogalamu kuti iyambire 1, ndinaiuza kuti idumphe munthu woyamba, ndipo inamveradi. Munthuyo anali ataponya K2,000. Pachitsanzo chili pamwambachi yankho limabwera 8000 m'malo mwa 10000. Kukonza kwake n'kungosintha 1 kukhala 0, kapenanso kungolemba print(sum(masheya)), poti Python ali nayo kale njira yowonkhetsera mndandanda.

Ndinachigwira bwanji? Foni inali itazima, ndiye ndinatenga kope la rafu. Ndinajambula mizere itatu yotsika: wa i, wa masheya[i] ndi wa zonse. Kenaka ndinadziyesa kompyuta, kutsata mzere ndi mzere osadumpha, osaganizira zimene ndinkafuna koma zimene zalembedwa basi. Ulendo woyamba i ndi 1, masheya[1] ndi 5000, zonse ndi 5000. Pomwepo ndinadzifunsa: nanga 2000 wapita kuti? Njira imeneyi ndi imene ndikufuna muitenge kwambiri, chifukwa sifuna foni, sifuna bandulo, ndipo aliyense wa ife kope ali nalo. Kwa ine imaposanso kuyang'ana pagalasi, pakuti pagalasi maso amathamanga.

Chinanso, kuyambira tsiku limenelo sindipereka pulogalamu kwa munthu ndisanaiyese ndi manambala aang'ono amene yankho lake ndikulidziwa kale pamtima. Anthu atatu, 1, 2 ndi 3, yankho likhale 6. Kenaka munthu mmodzi yekha. Kenaka wina amene sanaponye kalikonse. Ndikanayesa ndi munthu mmodzi yekha tsiku lija, foni ikanati 0 ndipo ndikanadzidzimuka amayi asanapite pamkeka. Komanso mukamakonza, sinthani chinthu chimodzi, muyese, kenaka china. Mukasintha zinthu zisanu nthawi imodzi n'kugwira ntchito, simudziwa chimene chachiza. Zikakanika, simudziwanso chimene mwaononga.

Achimwene pondipepesa anandiuza kuti zolakwika zachete zagwetsapo ndi akuluakulu omwe. Mu Seputembala 1999, bungwe la NASA la ku America linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika kale pafupi ndi Mars. Pulogalamu ya gulu lina inkapereka mphamvu ya mainjini m'mapaundi, pomwe ya gulu linzake inkayembekezera manyutoni, aja timaphunzira mu Physics. Makompyuta sanadandaule, anangowerengera, chombo n'kutsika kwambiri mpaka kutayika. Zili ngati iwe ukuwerengera mtedza wako pa ndowa, wogula akuwerengera pa kilo, nonse mukungotchula manambala osafunsana.

Paja cholakwika cha mu pulogalamu pa Chingerezi amati bug, kutanthauza kachilombo. Pa 9 Seputembala 1947, anthu ogwira ntchito pa kompyuta ya Mark II ku Harvard anapezadi gulugufe wa usiku, uja amazungulira nyali, atakanirira m'makina. Anamumata m'buku lawo la ntchito, ndipo bukulo likusungidwa ku Washington. Mayi wina katswiri, Grace Hopper, ndi amene anatchukitsa nkhaniyi, ngakhale mawuwo akatswiri a makina ankawagwiritsa ntchito kale. Iwo anali ndi mwayi, kachilombo kawo kanali ndi mapiko. Kanga kanali ka 1 kamene ndinalemba ndi chala changa.

Ena mumati izi n'za ana a m'tauni. N'zoona kuti ku Lilongwe kuli malo ngati mHub, amene mayi Rachel Sibande anayambitsa mu 2013, komwe achinyamata amaphunzira zimenezi pa makompyuta enieni. Ife kuno ku Kabudula tikaweruka timayamba kaye mtunda wobwerera kunyumba, kenaka kudimba kapena kudibi. Komabe kope la rafu tili nalo. Amayi anga pano amawonkhetsa m'kope kaye, kenaka amandiuza kuti ndione pafoni ngati zikugwirizana. Akuti foniyo ikadali pa "kuyesedwa ntchito".

Tsopano ntchito yanu. Mnzanga wina wa Fomu 2 anafuna kupeza avereji ya malikisi a maphunziro atatu, ndiye analemba izi:

a = 60
b = 60
c = 60
avereji = a + b + c / 3
print(avereji)

Munthu wapeza 60 paliponse, avereji yake iyenera kukhala 60. Foni inamupatsa 140.0, iye n'kuyamba kusangalala. Palibe uthenga wofiira uliwonse. Cholakwika chili pati, ndipo mzere wachinayiwo ulembedwe bwanji? Kumbukirani BODMAS. Lembani yankho pakapepala, dzina ndi kalasi, muponye m'bokosi la magaziniyi lisanafike Lachisanu. Atatu oyamba kukhoza ndidzawabwereka foni pa nthawi ya buleki kuti adzayese yankho lawo okha, ngati ndidzakhale nditatchajitsa.