Phunziro la pa kalabu: Kodi kuyezetsa magazi kumaonetsanso vitamini D?

Achinyamata anzanga, ambiri mwa ife tikamva mawu akuti "kuyezetsa magazi" timangoganiza za kachirombo ka HIV. Ena amafika ponena kuti, "Ine anandibaya pachala, ndili bwinobwino, alibe chimene anapeza." Pepani, sizili choncho. Kuyeza kulikonse kumayankha funso limodzi basi. Kadontho ka pachala kaja sikanena kanthu za vitamini D.

Vitamini D amathandiza thupi kutenga kashiamu m'zakudya kuti mafupa akhale olimba. Akachepa kwambiri, mwana amachita matewe, pamene wamkulu amamva kuphwanya m'mafupa ndi kufooka kwa minofu. Khungu lathu limapanga lokha vitaminiyu likawombedwa ndi dzuwa, ndipo wina timamupeza mu nsomba zamafuta ndi m'mazira. Mu kondowole ndi mu mpunga mulibe.

Mwina mukuti, "Kuno ku Nkhotakota dzuwa ndi losasowa, usipa uli mbwee pa thandala, vuto lingachokere kuti?" Nzoona, ambiri mwa ife tili ndi mwayi. Koma taganizirani za m'bale amene wakhala chigonere m'nyumba miyezi ingapo, kapena mnyamata wa chilimira amene amachezera pa nyanja usiku n'kumagona usana wonse. Khungu lakuda limafunanso dzuwa lochulukirapo kuti lipange vitaminiyu. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, amene anatuluka mu 2011, anapeza kuti odwala TB ambiri anali ndi vitamini D wochepa, m'dziko la dzuwa lomwe lino.

Mankhwala ena amachitanso mbali yawo. Rifampicin wa TB ndi efavirenz amachepetsa vitamini D m'magazi. Kuyambira 2019 anthu ambiri m'Malawi anasinthidwa kuchoka pa efavirenz kupita pa dolutegravir, koma tenofovir, amene amatha kufewetsako mafupa mwa anthu ena, akadalimo mu piritsi lija. Chonde, ichi sichifukwa chosiyira ma ARV. Ngati mafupa akukupwetekani, kauzeni a dokotala tsiku lokatenga mankhwala.

Nanga amayeza bwanji? Amatenga magazi pa mtsempha wa pamkono, kuwaika m'kabotolo ndi kuwatumiza ku labotale, kumene makina amayeza chinthu chotchedwa 25-hydroxyvitamin D. Madokotala ambiri amati akatsika pansi pa 50 nmol/L ndiye kuti achepa. Kuyeza kumeneku n'kodula ndipo sikuchitika wamba m'zipatala zathu zazing'ono, choncho ndi dokotala amene amaona ngati kukufunika. Kuyezetsa viral load pa nthawi yake ndiye kosayenera kuphonya.

Samalaninso ndi mavenda ogulitsa mapiritsi "owonjezera mphamvu". Vitamini D akachulukitsa m'thupi amawononga impso.

Pokambirana sabata ino, aliyense atchule munthu wa mtundu wanji m'mudzi mwawo amene saona dzuwa kawirikawiri, osatchula dzina. Kodi kalabu yathu ingamuthandize bwanji kuti azikhalako panja ndi kudyako nsomba?