PHOKOSO LA ZIGAYO LIGONTHETSA MAKUTU

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, anyamata ambiri a ku Petauke, ku Katete ndi ku Chipata akwera basi kunka ku Lusaka kukafuna nchito. Ena alembedwa pa zigayo za ku Kanyama, ku Chawama ndi ku George. Ena aphunzira kuwocherera zitseko ndi mageti m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, ndipo ena alowa m'mafakitale oyandikana ndi Matero. Makolo akamva kuti mwana wapeza nchito, afunsa za malipiro. Za makutu ace palibe afunsa.

M'kati mwa khutu muli kafupa kopindika monga nkhono, ndipo m'menemo muli tinthu tating'ono tonga ubweya, pafupifupi 16,000. Timeneti ndito titumiza mau ku ubongo. Phokoso lalikulu litigwetsa monga mphepo igwetsa mapira. Poyamba tidzukanso usiku, munthu akagona. Koma phokoso likabwera tsiku ndi tsiku, tifa, ndipo takufa sitimeranso. Palibe mankhwala, a cipatala kapena a sing'anga, amene angatidzutse.

Coipa kopambana ndi cakuti nthenda imeneyi siiwawa. Mnyamata akaweruka amva makutu akulira ngati nyenje, mau a anzace namveka monga acokera patali. Patapita miyezi anena kuti, "Ndazolowera, cigayo sicindisokosanso." Kumeneko sikuzolowera ai, ndiko kuyamba kwa ugonthi. Mau oonda ndiwo ayamba kutayika, kotero kuti amva kuti munthu alikulankhula koma sazindikira conenedwa, makamaka pa msika kapena pa maliro pamene pali anthu ambiri. Akabwera kumudzi, abale amuyesa wamwano cifukwa savomera akaitanidwa.

Madokotala ayesa phokoso ndi muyeso wochedwa desibelo. Pa madesibelo 85 munthu angagwire nchito maola 8 pa tsiku. Muyeso ukakwera ndi 3, nthawi idulidwa pakati: pa 88 ndi maola 4, pa 91 maola 2, pa 94 ola limodzi lokha. Zigayo zambiri ndi makina odulira zitsulo zipitirira 85. Wopanda coyezera angadziwe motere: ngati ayenera kupfuula kuti amvedwe ndi mnzace woima pafupi, pomufika ndi dzanja, phokoso limenelo lapitirira.

Palinso mau ena amene khutu la munthu silimva konse. Mau ndiko kunjenjemera kwa mpweya, ndipo ukanjenjemera koposa ka 20,000 pa sekondi imodzi, munthu samva kanthu, cinkana galu ndi mleme amva. Makina omatira mapulasitiki, makina otsukira zitsulo ndi mipope yotulutsa mpweya mwamphamvu atulutsa mau otere. Anchito oima pafupi nao tsiku lonse adandaula za mutu, mseru, kutopa ndi kulemera m'makutu. Zimenezi zikatha pa Sabata ndi kubweranso Lolemba, asafulumire kunena za malungo kapena ufiti. Ayang'ane makina amene aima nao.

Nkhani imeneyi siili ya m'tauni mokha. Zigayo za dizilo zafika m'midzi yambiri, ndipo kuyambira 2015 Boma linapereka zigayo zoyendera mphamvu ya dzuwa kwa makoparetivu. Woyendetsa cigayo abvale zotsekera m'makutu za mphira, kapena zophimba khutu lonse, zimene zigulidwa m'masitolo a zitsulo. Thonje ndi pepala zithandiza pang'ono cabe. Mwini cigayo amange mabauti onse olobodoka, asinthe nyundo zakutha, ndipo injini ikhale m'cipinda cace kuseri kwa khoma. Kumene kuli anyamata awiri, azisinthana. Amai obereka makanda kumbuyo adikire ufa wao pabwalo, pakuti khanda silingathe kudzitseka makutu.

Mu 2010 nyumba ya malamulo ya Zambia inakhazikitsa lamulo la umoyo ndi citetezo ca anchito, lonena kuti zobvala zodzitetezera apereke ndi wolemba nchito, osati kudula pa malipiro. Bungwe la Workers' Compensation Fund Control Board, limene likulu lace lili ku Ndola, lilipira anchito opweteka kapena odwala cifukwa ca nchito, ndipo eni nchito afunika kulembetsa kumeneko. Mnyamata amene makutu ace saleka kulira apite ku kiliniki yapafupi, apemphe kalata yonka nayo ku cipatala ca UTH, kumene ayesa makutu ndi makina. Pepala la muyesowo alisunge bwino pamodzi ndi kalata yace ya nchito.