Mabuleki a kutha msinkhu ali mu ubongo

M'mawa wina mu June, kuli chisanu chija cha kuno ku Bembeke, mnyamata wa Fomu 2 ananditsatira potuluka m'kalasi. "Aphunzitsi, anzanga onse mawu anasintha kale, ine ayi. Kapena ndili ndi vuto?" Yankho lake asayansi analipeza pofufuza anyani, amene matupi awo amafanana kwambiri ndi athu.

Pansi pa ubongo pali kachigawo kotchedwa hypothalamus. Kamatulutsa homoni ya GnRH, osati ngati madzi a pampopi, koma modonthadontha, pa nthawi yake. GnRH imadzutsa pituitary, imene imatumiza LH ndi FSH m'magazi kuti ziwalo zoberekera ziyambe ntchito.

Mu 1980, Ernst Knobil ndi anzake ku Pittsburgh anatenga anyani aakazi a mtundu wa rhesus osakhwima, nkumawapatsa GnRH kamodzi pa ola lililonse. Anyaniwo anayamba kusamba. Atasiya kuwapatsa, anabwerera paubwana. Ndiye kuti ziwalo zinali zokonzeka kale, ubongo ndiwo unali usanalole.

Chimene chimandisangalatsa ine nchakuti GnRH imatuluka ngakhale mwa khanda la miyezi ingapo. Kenako ubongo umaigwira kwa zaka. Taganizani za munthu akutsetsereka ndi njinga yolemedwa ndi matumba a mbatatesi, atagwira mabuleki. Imodzi mwa mabuleki amenewa ndi GABA, mankhwala amene maselo a ubongo amatumizirana pouzana kuti "khala chete". Ei Terasawa wa ku Wisconsin anaonetsa kuti nyani akamayandikira kutha msinkhu GABA imachepa, ndipo ataitsekereza dala, anyani anatha msinkhu msanga. Mabuleki akamasuka, glutamate ndi kisspeptin zimakankha. Mu 2003 zinadziwika kuti anthu amene matupi awo samva uthenga wa kisspeptin satha msinkhu paokha.

Nthawi yomasula mabulekiwa imatengera kumtundu, komanso zakudya. Thupi likamaperewera chakudya, ubongo umachedwetsa. Atsikana ambiri amayamba pakati pa zaka 8 ndi 13, anyamata 9 ndi 14, ndipo mawu amasintha pambuyo, zina zitayamba kale.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti ngati wadutsa zaka 14 popanda kusintha kulikonse m'thupi, akaonane ndi dokotala, asadalire zonena za anzake. Anaseka mwamanyazi nkunena kuti zina zinayamba kale, mawu okha ndiwo akukana.