Nyale Zakale za Alamu Anga

Alamu anga anafika ku Silver Spring, ku Maryland, m'chaka cha 2004. Mu October chaka chomwecho, nyumba ya zaluso ya National Gallery of Art ku Washington inatsegula chionetsero cha ntchito za Dan Flavin, ndipo popeza kumeneko salipiritsa pakhomo, Loweruka lina anapitako kukangotayitsa nthawi. Anakapeza machubu a magetsi, omwewa timawaona pakhonde la golosale ku Ndirande kapena m'kalasi ku Zomba, atandandalikidwa ngati mpanda wautali wobiriwira. Kuwalako kunadaya makoma, pansi, ndi nkhope za anthu zomwe. Akuti atapatuka pamenepo, chilichonse choyera chinkaoneka chapinki kwa kanthawi.

Flavin anabadwira ku New York mu 1933, namwalira mu 1996. Pa 25 May 1963 anakhoma chubu chachikasu cha mafiti 8 mopendekera pakhoma la chipinda chake chogwirira ntchito, polemekeza wosema wotchuka Constantin Brancusi. Kuyambira pamenepo zipangizo zake zinali nyale wamba zogula m'sitolo, za mafiti 2, 4, 6 ndi 8. Ndimamulemekeza munthu ameneyu. Anatenga chinthu cha m'fakitale ndi m'chipatala, chimene palibe amachiyang'ana kawiri, n'kutionetsa kuti kuwala kumatha kusintha chipinda chonse.

Alamu anakopeka, ndipo patapita zaka, atapeza nyumba yawo, anayamba kutolera nyale zakale za machubu. Nyumba zambiri za ku Silver Spring, Hyattsville ndi Arlington n'zakale, ndipo mwini akamwalira, ana ake amagulitsa katundu yense m'nyumba momwemo. Kumeneko ankagulako nyale za m'khitchini zozungulira ngati nkhata, za pa desiki zokhala ndi batani lofiira ndi lakuda, ndi zazitali za m'galaja zopachika pa tcheni. Nyale zotere zinayamba kugulitsidwa mu 1938, n'kutchuka pa chionetsero chachikulu cha ku New York mu 1939, ndipo zambiri zoyambirirazo n'zachitsulo cholimba, zokongoladi. Iwo ankanyadira kuti sanasinthe kalikonse m'kati mwake. Anazipachika m'chipinda chapansi, momwe ana awo awiri ankasewerera nthawi yachisanu.

Usiku wina mlongo wanga, mkazi wa alamuwo, anamva fungo ngati la phula lotentha. Nyale imodzi inkalira ngati njuchi, kuwala kukuphethiraphethira, ndipo pa kapeti panali madontho akuda onanda. Anapukuta ndi kansalu ndi manja osavala kanthu. Mawa lake alamu potsitsa nyaleyo, chubu chinapulumuka n'kuphulika pansi, ndipo mlongo wangayo, pofuna kuteteza mapazi a ana, anathamangira huva. Zonse ziwiri anachita mwachikondi, ndipo zonse ziwiri n'zimene sankayenera kuchita.

Anawatsegula maso ndi mmisiri wamagetsi wa kutchalitchi kwawo, bambo wachikulire. Atatsegula chivundikiro, analoza kabokosi kakuda kolemera, kamene amisiri kwathu amati choke, nati: "Achimwene, ana atulukemo muno. Kameneka n'kachikulire kuposa inu."

M'mabokosi ambiri otere, opangidwa chisanafike chaka cha 1979, muli mafuta otchedwa PCB. Dziko la America linaletsa kuwapanga m'chaka chimenecho, potsata lamulo la 1976, ndipo mu 2013 bungwe lofufuza za khansa la IARC linawaika m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa mwa anthu. Sawola, amalowa kudzera pakhungu ndi m'mpweya, ndipo amakhazikika m'mafuta a m'thupi. Bungwe loona za chilengedwe la EPA, lomwe likulu lake lili mu Washington momwemo, limati choke chotere chinapangidwa kuti chigwire ntchito zaka 10 mpaka 15, ndiye chomwe chikadayakabe lero chinapyola kale msinkhu wake ndipo chitha kudontha kapena kupsa tsiku lililonse. Zopangidwa pambuyo pake zinkalembedwa kuti "No PCBs". Chakale chopanda mawu amenewo, chitengeni kuti muli poizoni. Vutoli si la otolera zakale okha: mzinda wa New York unakakamizika kuchotsa nyale zotere m'masukulu ake mazanamazana, ntchito yomwe inatha mu 2016.

Chubu nachonso chili ndi zake. M'kati mwake muli mercury, ndipo ndi mpweya wa mercury umene umachititsa ufa woyera wopakidwa m'kati mwa galasi kuwala. Machubu akale amakhala ndi wochuluka kuposa atsopano, ndipo a m'ma 1940 ufa wake unkasakanizidwa ndi beryllium, amene anadwalitsa mapapo antchito a m'mafakitale mpaka anamusiya mu 1949. Chubu chikasweka, anthu ndi ziweto atuluke, mawindo atsegulidwe kwa mphindi 5 mpaka 10, magalasi awoledwe ndi katoni, ufa unyamulidwe ndi tepi yomata ndi pepala lonyowa, zonse zitsekeredwe m'botolo. Huva imamwaza mpweyawo nyumba yonse. Polemba izi ndikukumbukira mmene tinkaswera machubu akutha pa dzala la kusukulu tili ana, kukondwera ndi kulira kwake ndi kautsi koyera kaja, popanda wamkulu wotiletsa chifukwa naye sankadziwa.

Nyumba zosungira ntchito za Flavin zili ndi akatswiri ozisamalira, ndipo machubu akatha amawasintha. Ntchito yake imadziwika ndi chikalata chimene iye anasaina, osati ukale wa galasi. Alamu ankateteza zam'kati zakale zimene mwini lusoyo sanazione ngati zopatulika. Ndipo machubuwo akupita kothera: mu 2023 mayiko a m'pangano la Minamata lokhudza mercury anagwirizana kusiya kuwapanga pofika 2027.

Kunyumba kwa alamu kuja, kapeti anadula n'kuchotsa. Machoke asanu ndi awiri opanda chilembo chija anawakulunga m'mapulasitiki, atavala magolovesi, n'kupita nawo kumalo olandirira zinyalala zoopsa ku Shady Grove. Zitsulo zokongolazo anazisunga, mmisiri uja anaikamo machubu a LED. Ana anakapimidwa, ndipo ali bwino. Koma mlongo wanga mpaka lero salola mwana kukhala pansi pa malo pamene panadonthera paja, ngakhale panaikidwa matailosi atsopano.