Uphungu wa Azakhali: “Mnzanga akuti ndimwe mapiritsi onenepetsa”

Sabata ino Azakhali alandira kalata yochokera m'boma la Chadiza, kum'mawa kwa Zambia. Wolembayo sanafune kuti dzina lake litchulidwe.

“Azakhali, ndine mtsikana wa zaka 15, ndili kusekondale. Kwathu ndi kutali, choncho mkati mwa sabata ndimakhala m'kanyumba ka lendi pafupi ndi sukulu pamodzi ndi anzanga awiri, ndipo timadziphikira tokha. Vuto langa ndi thupi. Ndine wowonda kuyambira kale. Anzanga onse ali ndi mbina ndi mawere, ine ndilibe kanthu. Anyamata m'kalasi amanditcha Udzudzu, ndipo tsiku lina mayi wina pachitsime anafunsa amayi anga ngati anandiyezetsapo magazi. Ndinalira usiku wonse. Mwezi wathawu ndinaima pasikelo ya ogula soya ndipo inaonetsa makilogalamu 44. Mnzanga amene ndimagona naye amamwa timapiritsi toyera ndi mankhwala ena amadzi a m'botolo ogula kumsika, ndipo m'miyezi iwiri yokha masaya atuluka. Akuti nanenso ndiyambe. Kodi ndimwe? Nanga pa msinkhu wangawu ndiyenera kulemera makilogalamu angati? Ndine mwana wanu wosowa mtendere.”

Funso loyambalo Azakhali akuliyankha mosapsatira mawu: mwanayu asamwe mapiritsiwo, ngakhale limodzi. Lachiwirilo ndilo lofunika kulikhalira pansi, chifukwa nambala ya 44 payokha sikunena kanthu.

Achipatala sayang'ana kulemera kokha. Amatenga kutalika kwa munthu m'mamita, n'kukuchulukitsa ndi nambala yomweyo, kenako n'kugawa makilogalamu aja ndi zimene zatulukazo. Yankho lake amalitcha BMI. Kwa ana a zaka 5 mpaka 19, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa matchati apadera mu 2007, a atsikana paokha ndi a anyamata paokha, poti thupi limene likukula limasintha mwezi ndi mwezi. Patchati cha atsikana, amene wangokwanitsa zaka 15 amaonedwa kuti ali bwino BMI yake ikakhala pakati pa 15.9 ndi 23.5. Mpata umenewu ndi waukulu kuposa momwe ambiri amaganizira. Mtsikana wotalika masentimita 156 akhoza kulemera makilogalamu 39, mnzake wotalika chimodzimodzi n'kulemera 57, onse awiri ali athanzi.

Tsono mwana wathuyu sanatchule kutalika kwake. Ngati ndi wa masentimita 156, makilogalamu 44 akupereka BMI ya 18.1, ndipo palibe chomusowetsa tulo. Ngati ndi wamtali, wofika masentimita 170, makilogalamu omwewo akupereka 15.2, kusonyeza kuti wawonda mopitirira ndipo afunika kuonedwa ndi achipatala. Komanso sikelo ya ogula soya si yoidalira pa nkhani ya moyo wa munthu. Alimi a kwa Mlolo, kwa Zingalume ndi kwa Mwangala amadandaula chaka ndi chaka kuti masikelo ena a mavenda amadya makilogalamu. Sikelo yoyenera ili kuchipatala, pamodzi ndi thabwa loyezera kutalika, ndipo kuyezako n'kwaulere.

Za mbina ndi mawere, mwanayu adekhe. Atsikana satha msinkhu tsiku limodzi. Wina mawere amayamba kutuluka ali ndi zaka 9, wina zaka 13, ndipo thupi limapitiriza kudzaza m'chiuno ndi m'ntchafu mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 10. Pafupifupi theka la kulemera kumene munthu amakhala nako akakula amalipeza m'zaka za unamwali zimenezi, ndiye pa zaka 15 ntchito ikadali mkati. Mtundu nawonso umalankhula. Ayang'ane amayi ake, azakhali ake enieni ndi agogo ake: ngati kwawo ndi anthu a matupi aang'ono, iyenso sadzasiyana nawo kwenikweni. Palinso china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 m'Zambia anali opinimbira, ndipo mwana amene anakula chakudya chikuperewera nthawi zambiri amachedwerapo kutha msinkhu. M'kalasi imodzi ya ku Chadiza muli ana amene anadutsa m'njira zosiyana kwambiri asanafike pa desiki, choncho kuwayerekeza matupi n'kuwalakwira.

Mawu a mayi wa pachitsime aja ndiwo awawa Azakhali kuposa zonse za m'kalatayi. Akuluakulu amene anaona maliro a m'zaka za m'ma 1990 akadali ndi mantha a kaliondeonde, ndipo munthu akhoza kuwamvetsa. Koma padutsa zaka pafupifupi 20 kuchokera pamene boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere. Lero alipo anthu onenepa bwino amene ali ndi kachilombo, ndipo alipo owonda ambirimbiri amene alibe. HIV siioneka ndi maso. Munthu wamkulu kuponya funso lotere pagulu, lokhudza mwana wa mnzake, ndi nkhanza, ndipo nkhanza zoterezi ndi zimene zikukankhira atsikana kwa ogulitsa mapiritsi.

Nanga m'mabotolo ndi m'timapiritsi timeneto muli chiyani? Mankhwala amadzi ambiri amene amagulitsidwa kuti ndi onenepetsa amakhala ndi cyproheptadine. Awa anapangidwira ziwengo ndi kuyabwa, kungoti amachititsanso munthu kumva njala. Amagonetsa, amachititsa chizungulire, ndipo ena awononga nawo chiwindi. Mtundu wina wotchuka wa mankhwalawa, Apetamin, unafala kwambiri pa Instagram mpaka akuluakulu oona za mankhwala ku Britain anachenjeza anthu mu 2021, ndipo bungwe la FDA la ku America linachitanso chimodzimodzi mu 2023. Mwana wa sukulu amene akumwa zimenezi amasinza pa phunziro la masamu, aphunzitsi n'kumamuyesa waulesi.

Timapiritsi toyerato n'toopsa kwambiri. Nthawi zambiri timakhala dexamethasone kapena prednisolone, mankhwala amphamvu amene madokotala amapereka mosamala pa matenda monga mphumu yaikulu. Munthu akamawamwa kwa milungu, thupi limasunga madzi ndi mchere, mafuta amaunjikana kumaso, kukhosi ndi pamimba, pamene mikono ndi miyendo ikunka nichepa. Masaya amene mnzakeyo akunyadira si thanzi, ndi kutupa. Pambuyo pake pamabwera ziphuphu, mizere yofiirira pakhungu, kuthamanga kwa magazi, shuga, kufooka kwa mafupa, kusokonekera kwa msambo ndi kugwa kwa chitetezo cha m'thupi. Kwa mwana amene akukulabe, mankhwalawa amatha kuimitsa ngakhale kutalika. Ndipo mbina imene akuifunayo sabweretsa. Palibe piritsi limene limasankha malo oika mnofu. M'Zambia muno bungwe la ZAMRA ndilo limavomereza mankhwala ndi malo ogulitsira, ndipo thebulo la pamsika pomwe botolo lakhala padzuwa tsiku lonse si limodzi mwa malo amenewo.

Chimene Azakhali akuchikayikira kwambiri ndi m'poto wa m'kanyumba ka lendi muja. Ana ogonera kusukulu modziphikira okha amadziwika kadyedwe kawo. M'mawa amadzuka mochedwa, makala sanayake, n'kuthamangira kukalasi m'mimba muli gwaa. Pa nthawi yopuma, amene ali ndi kakobiri amagula chitumbuwa kapena kapaketi ka Jiggies. Nsima yoyamba imalowa m'kamwa dzuwa litapendeka, ndiwo zake repu wothira mchere ndi kadontho ka mafuta, ndipo likamafika Lachinayi ufa umene anabwera nawo Lamlungu umakhala ukugunda pansi pa thumba. Thupi limene likumanga mafupa ndi magazi silingakwanitse ntchito yake motero. Mabanja amene anakhudzidwa ndi chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza kuti ndi tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, akudziwa mmene ana amatsikira msanga chakudya chikachepa.

Komatu Chadiza ndi dziko la nshawa, soya, nyemba ndi mpendadzuwa. Apa Azakhali akulankhula ndi makolo a mwanayu: asagulitse zonse. Chitini chimodzi cha nshawa chimene chatsala m'nyumba chimagwira ntchito yoposa botolo lililonse la kumsika. Lamlungu mwana akamanyamuka, m'thumba mwake musakhale ufa wokha. Mukhale nsinjiro, kabotolo ka chiponde, nyemba kapena khobwe, kapenta pang'ono, kandolo, mfutso, ndi mazira ngati nkhuku zikuikira. M'mawa aziphika phala la mgaiwa lothira masupuni awiri a nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga. Silitenga nthawi, ndipo atatuwo akhoza kumasinthana tsiku lokoleza moto. Kandolo wophika madzulo amadyeka kusukulu mawa lake, makamaka wachikasu mkati uja amene ali ndi vitamini A. Chiwawa, bonongwe ndi kholowa azitendera m'malo mongothira mchere. Mbewa ndi inswa, zimene ana ena a sekondale ayamba kuchita nazo manyazi, ndi ndiwo zomanga thupi zenizeni. Akamadya katatu patsiku, n'kumatola nshawa zokazinga, nthochi kapena mango pakati, thupi lidzatenga zimene likufuna pa liwiro lake.

Magazi nawo asaiwalike. Kafukufuku wa 2018 uja anapezanso kuti amayi ndi atsikana 31 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto lochepa magazi. Mtsikana amene wayamba kusamba amataya ayironi mwezi uliwonse, ndipo akachepa amakhala wotopa, wosafuna kudya, mutu ukumuwawa. Nyemba, kapenta, chiwindi ndi masamba obiriwira zimabwezera. Gwafa, malambe, lalanje kapena tomato wosaphika zimathandiza thupi kuyamwa ayironiyo, pamene tiyi womwera pa chakudya amatsekereza.

Asanyengedwenso n'kuyamba kudzaza mimba ndi zakumwa zotsekemera kuti anenepe msanga. Chitini cha Coca-Cola cha mamililita 330 chili ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 35, opitirira masupuni aang'ono 8, popanda china chomanga thupi. Kwathu kuno mlendo amalandiridwa ndi “mwanenepatu!” ngati chiyamiko, koma kafukufuku wa 2013 mpaka 2014 anaonetsa kale kuti amayi 23 pa 100 m'Zambia anali onenepa mopitirira, pamene owonda mopitirira anali 10 pa 100. Shuga ndi BP zikudzaza mizere m'zipatala za Chipata ndi Lusaka. Mtsikana wonenepa amene akusekedwa m'kalasi yomweyo, n'kumadzimana chakudya kapena kumwa matiyi ochepetsa thupi, ali pangozi yofanana ndi ya mwana wathuyu, ndipo uphungu wake ndi womwewu: akayezetse, azidya katatu, asiye mankhwala a mumsewu.

Pali zizindikiro zimene siziyenera kudikira tchuthi. Kuwonda kuyambira kale n'kosiyana ndi kutsika thupi. Ngati siketi ya yunifolomu imene inkamukwana temu yatha tsopano ikufuna chipini, ngati akutsokomola kwa milungu iwiri kapena kuposa, kutuluka thukuta usiku, kutsegula m'mimba kosatha, kukodza magazi, kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, kapena ngati msambo sunayambe mpaka pano kapena waima kwa miyezi itatu, apite kuchipatala sabata yomweyo. Njoka za m'mimba ndi likodzo zimadya ana ambiri amene amasamba ndi kuchapa m'madamu ndi m'mitsinje, ndipo mankhwala ake ndi a tsiku limodzi. TB imachizika, mankhwala ake ndi aulere. Ngati funso la pachitsime lija likumuvutitsabe mumtima, kuyezetsa HIV kudzalitseka. Pa zaka zakezi apite ndi amayi ake kapena wamkulu wina amene amamukhulupirira, kaya ku kiliniki yapafupi kaya ku chipatala cha boma pa Chadiza, ndipo apemphe kuti amuyeze kulemera, kutalika ndi kuchuluka kwa magazi, n'kumulembera manambalawo m'buku kuti adzayerekeze pakatha miyezi itatu.

Za anyamata omutcha maina, asazisenze yekha. Akauze aphunzitsi a uphungu kapena amatroni, chifukwa kunyoza thupi la mnzako ndi mlandu pasukulu. Usiku wina mtima ukadzalemera ngati tsiku lija, nambala ya 116 ya Childline ndi yaulere pa foni iliyonse, ndipo amayankha anthu ophunzitsidwa kumvetsera ana.

Watsala mnzake uja, ndipo Azakhali akumudera nkhawa kuposa wolemba kalatayu. Ngati timapiritsi take tilidi dexamethasone kapena prednisolone ndipo wamwa kwa miyezi iwiri, asasiye lero ndi lero. Thupi limene lazolowera mankhwalawa limaleka kupanga lokha mphamvu ina yofunika, moti kusiya mwadzidzidzi kumatha kumugwetsa, kumusanzitsa, ngakhale kumuika pangozi ya moyo. Afunika kuchepetsa pang'onopang'ono motsogozedwa ndi achipatala. Mwana wathuyu amukokere pambali mwachikondi, osati pamaso pa anzawo, amuwerengere tsamba lino, ndipo tsiku lopita kukayezetsa apite naye limodzi atanyamula botolo ndi timapepala ta mapiritsiwo kuti adokotala aone dzina lake ndi mlingo umene wakhala akumwa.